Galimoto Yotuluka M'khola

Apolisi anadzawatenga amuna anga Lachisanu masana, atagona chagada kunsi kwa galimoto yawo akumangirira paipi ya utsi ndi waya. Anatuluka uku akumwetulira, sipanala ili kumanja, poyesa kuti alendowo abwera kudzasirira ngati ena onse. A Fyson ndi otero. Ngakhale unyolo utalira pamikono yawo, chimene anakumbuka kunena n'chakuti woyendetsa asamale pamiyala ya pamlatho, chifukwa galimotoyo ndi yaifupi.

Ine ndine Chifuniro, mkazi wawo. Timalima kachewere ku Tsangano.

Matenda a galimoto yothamanga anawagwira chaka chatha. Alimi anzathu akakolola bwino amagula kalole konyamulira matumba, kaya ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Anga ankafuna chinthu chobangula, cha zitseko ziwiri, chosalowa ngakhale matumba atatu. Anali ndi ndalama za zokolola ziwiri kuphatikiza za njinga yamoto imene anagulitsa, zonse mamiliyoni asanu ndi awiri, ndipo miyezi isanu ndi itatu anasakasaka ngati munthu wofuna mbeta. Ku Lilongwe anapitako kawiri kukaona Altezza, koma anabwerako ali ndwii chifukwa mtengo unali kuwirikiza. Subaru ya pafoni, yochokera ku Japan, inkaoneka yotsika mtengo mpaka tsiku limene anamva za msonkho. Ku Balaka anapeza ina yogwirizana ndi thumba lawo, koma atangoiliza inafuka utsi wabuluu mpaka nkhuku zinabalalika. Yabwino inali yodula, yotchipa inali mtembo.

Kenako pamsika panatulukira bambo wina wa jekete lachikopa, dzina lake akuti Geoffrey. Anati amalume ake, a Goliati, amwalira kumudzi wina kumunsi kwa mishoni ya Nzama, ndipo asiya BMW yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kumeneko amaitcha gusheshe. Mwini wake anali mmodzi, inkayenda pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha, ndipo banja likufuna kuigulitsa msanga pamtengo uliwonse wooneka.

Ndinawauza kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. Anandiyankha kuti pusi sadziwa injini. Anakaitenga Lamulungu, inalira Lachiwiri, anaidyerera masiku atatu basi.

* * *

Loweruka m'mawa ndinali kale pabenchi la ku polisi. Wofufuza mlanduwo anali Sajeni Hannah Kachiza, mayi wamfupi wosataya mawu.

"Odandaula ndi awiri," anatero akutembenuza mapepala. "Mayi Selestina, mkazi wa malemu, ndi a Gracian, mng'ono wa malemu. Akuti galimoto inabedwa Lamulungu anthu ali ku Misa."

"Amuna anga anagula, sanabe."

"Risiti ili kuti?"

"Kwathu tikagulitsana timangogwirana chanza."

"Nanga bulubuku, buku la umwini wa galimoto?"

"Geoffrey anati adzapereka akatha mwambo wa maliro."

"Pabanja limenelo palibe Geoffrey, mayi. Malemu analibe mlongo, ndiye muphwa achokera kuti? Nambala yake ya foni ndaiyesa kasanu, siikupezeka." Anatseka fayilo. "Ine ndapeza galimoto yobedwa ili ndi munthu wopanda pepala lililonse. Lolemba m'mawa akupita ku khoti, kuchoka apo ku rimandi. Mlandu wa galimoto belo yake imavuta, ndipo akapezeka nawo ndi zaka, osati miyezi."

Ndinaganiza za amuna anga, amene chifuwa chimawatseka kukangozizira pang'ono, atagona pasimenti zaka. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Ndichite chiyani?" ndinafunsa.

"Ndibweretsereni munthu wa pabanjapo wovomera kuti anagulitsa, kapena mboni yoona. Lisanafike Lolemba m'mawa." Anandilembera nambala yake pakapepala. "Ine ndili ndi milandu ina isanu ndi inayi ndi njinga imodzi. Kawaoneni, mphindi khumi."

A Fyson anawatulutsa m'chitokosi opanda lamba, opanda nsapato, atagwira thalauza ndi dzanja. Ukali wonse umene ndinabwera nawo unasungunuka, ndipo zimenezi zinandikwiyitsanso.

"Mayi a Mfundo," anatero, "aiika pamthunzi?"

"Mukafunsanso za chitsulo chimenecho ndinyamuka. Fotokozani za Lamulungu, kuyambira pofika."

Anafotokoza. Geoffrey anawadikira panjira yolowera m'mudzi cha m'ma naini. M'mudzi munali zii, anthu ali ku tchalitchi. Galimoto inali m'khola lakale la ng'ombe kuseri kwa nyumba, pansi pa kadenga ka malata, atayifunditsa mabulangete. Kiyi anali ndi Geoffrey, koma batire linali lakufa.

"Ndiye inatuluka bwanji?"

"Anaikoka ndi ng'ombe mpaka pamsewu. Pamsewupo tinaimanga ku lole ya kachewere yobwerera yopanda katundu."

"Ng'ombe za yani?"

"Za mkulu wina wake. Geoffrey ndiye anamuitana, dzina sindinafunse. Ine maso anali pa bampala kuti tcheni lisaikande."

"Munthu wakukokerani galimoto ya mamiliyoni, inu osafunsa dzina?"

Anazyolika. Kenako nkhope inawala. "Koma ng'ombe zake ndikuzikumbuka. Yofiira ankaiitana kuti Wenela, yakuda Sajeni. Pepani, musawauze amayi apolisi ajawa. Ndipo ine sindinanyenge munthu, mayi a Mfundo. Ndinalipira zonse. Ngakhale ya chingwe ndinapereka."

"Ya chingwe? Galimoto ili ndi chingwe?"

"Chinthu chotuluka m'khola sichituluka chopanda ya chingwe. Abambo anga akanadzuka kumanda. Ndinampatsa mkulu wa ng'ombe uja faifi sauzande."

Kwathu ukagula ng'ombe, pamwamba pa mtengo umaikapo kandalama kochepa kotchedwa ya chingwe. Ndi kosonyeza kuti chiweto chatuluka ndi mtima woyera, ndipo wolandira sangadzanenenso kuti sakudziwa kumene chinapita. Koma kuchitira zimenezi galimoto, nditamva ndinangopukusa mutu. Mwamuna wanga sanafunse risiti, sanafunse dzina, koma mwambo wa ng'ombe anaukumbuka.

Wapolisi wa pakhomo anagogoda chitseko. Powabweza, a Fyson anatembenuka.

"Mkati muja muli munthu amene wakhala ku rimandi zaka ziwiri mlandu wake usanayambe," ananong'ona. "Musandisiye."

* * *

Ndinatsikira pagalaja ya a Yoramu, makaniko amene anaidzutsa galimotoyo. Ndinawapeza akutsuka kabuleta m'chitini cha petulo.

"Mlamu, ine ndagwira magalimoto zaka makumi atatu," anayamba ndisanakhale n'komwe. "Pandalama imene ija, achimwene anatola golide. Pansi palibe dzimbiri olo pang'ono. Nambala ya tchesisi sanaigwirepo. Oilo wakuda inde, koma wopanda madzi. Injini ya masilinda sikisi, ikalira umamva m'chifuwa. Anyamata a masiku ano amangoona penti ndi marimu, koma galimoto yakale umaiyamba kunsi, kenako umanunkhiza utsi, ukatero..."

"A Yoramu, anzanu ali m'chitokosi."

"Pepani, mlamu. Funsani."

"Lamulungu ikanatha kulira?"

"Kulira kuti? Batire lakufa, petulo atasanduka vanishi, m'paipi ya utsi muli chisa cha mavu. Ndinagwira Lolemba lonse. Inalira Lachiwiri fo koloko, msika wonse ndi mboni."

"Poyatsira anathyolapo?"

"Iyayi. Kiyi wake weniweni, wa kufakitale, ndi wa sipeya womwe, onse pakawaya kamodzi. Ine za mbava ndimazidziwa, zimabwera ndi mawaya olendewera. Mbava siyenda ndi kiyi wa sipeya." Anapukuta manja. "Chinanso. Galimoto yokhala m'khola zaka ziwiri osayenda imakhala ya makoswe. Iyi mipando yake inali yopakidwa polishi, polishi wa pansi wofiira uja. Alipo amene ankaisamala sabata ndi sabata, ndipo si mwamuna. Mwamuna sapaka polishi wa pansi pampando wa chikopa."

"Geoffrey munamuona?"

"Kamodzi, pamsika. Chichewa chake n'cha kutsidya kwa msewu, cha ku Mozambiki. Ndipo pogula fanta anayamba watulutsa metikashi, ndalama za kumeneko, kenako n'kubweza m'thumba msanga."

Ku Tsangano malire ndi msewu. Munthu akawoloka masitepe khumi ali m'dziko lina, ndipo Sajeni Kachiza ndi njinga yake imodzi sangamutsatire. Geoffrey ndinamuchotsa m'mutu. Otsala anali mkulu wa ng'ombe, ndi munthu wa m'nyumba amene anatulutsa makiyi.

Madzulo amenewo ndinagulitsa matumba awiri a mbewu pamtengo wolira kuti ndipeze ya thiransipoti. Ndinatsala ndi tsiku limodzi.

* * *

Wa kabaza wa njinga yamoto ananditsitsa m'mudzimo Lamulungu Misa yoyamba itangotha. Nyumba ya malemu Goliati sinavute kupeza, inali ya njerwa zootcha ndi mawindo a magalasi a kale. Chitseko chinali chotseka. Pakhonde panakhala bambo wonenepa wa suti yotuwa, buku la nyimbo lili pabondo. Amenewo anali a Gracian.

Sindinanene kuti ndine yani. Ndinati ndine wa bizinesi ya nyemba, ndamva za tsoka lawagwera, ndati ndipepese.

"Tsoka lenileni, mayi," anatero mokweza ngati akulengeza m'tchalitchi. "Achimwene sanathe ndi miyezi iwiri m'manda. Mwambo wosudzula alamu uchitika pakatha masiku khumi, ndipo mwambo usanachitike katundu wa malemu sakhudzidwa, olo supuni. Ndiye mbava ya ku Tsangano idzalowe m'khola la abambo athu masana dzuwa likuswa mtengo?"

"Munaiona?"

"Ndinaimva. Tili pakati pa ulaliki ndinamva injini ikubangula, vuuu, kulowera kumsewu. Ndinawagunda anzanga, ndinati imeneyo ndi ya achimwene."

Bodza loyamba. Galimoto imene inalira Lachiwiri iwo anaimva Lamulungu. Ndinati ndamupeza wogulitsa.

"Nanga simunathamange bwanji?"

Anatsokomola. "Munthu sutuluka pakati pa ulaliki."

"Makiyi anali ndi inu?"

"Akanakhala ndi ine bwenzi ili pano. Achimwene sankalola munthu kugwira makiyi amenewo. Ine mng'ono wawo weniweni ndinakweramo kawiri kokha, kumbuyo. Atamwalira, alamu anati makiyi anasowa nthawi ya maliro." Anaweramira kwa ine, mawu anatsika. "Mukudziwa mtengo wake? Alipo bwana wina ku Lilongwe amatolera magalimoto akale amenewa. Anandiuza mamiliyoni makumi awiri, ndingodikira mwambo uthe. Ndiye wina adzaitenge ulere? Ameneyo akaolera kundende, ndalumbira."

Chiyembekezo changa chinagwa pomwepo. Munthu woyembekeza makumi awiri sangagulitse pa asanu ndi awiri. Za injini ananama pofuna kukometsa mlandu basi, monga amachitira anthu okonda kumvedwa.

"Nanga amayi akasudzulidwa akhala pompano?" ndinafunsa.

"Pano ndi pa abambo athu. Alamu anabwera chitengwa, mwana sanatisiyire. Tidzaona mmene akhalira nafe. Akakhala bwino, kachipinda sikangasowe. Apo ayi, kwawo akukudziwa."

"Kwawo ndi kuti?"

Analoza ndi buku la nyimbo kumadzulo, kumapiri.

"Kutsidya. Ku Mozambiki."

* * *

Amayi awiri amene ndinakumana nawo pamjigo sanamudziwe mkulu wokoka magalimoto, koma nditatchula Wenela ndi Sajeni anaseka onse.

"Ndi za a Fanizo zimenezo. Tsikirani kudambo, Misa iwo amapemphera ya ng'ombe."

Ndinawapeza atakhala pachulu, mkulu woonda wa chipewa cha mlaza ndi jombo za kumigodi zong'ambika. Ng'ombe yofiira ndi yakuda zinkadya chapafupi. Apa sindinabise kanthu. Ndinagwada n'kunena dzina langa, la amuna anga, ndi za Lolemba m'mawa.

Anakankhira chipewa chawo kumbuyo.

"Mwana anagula chitsulo uja? Wamangidwa?"

"Akuti anaba."

"Hayikona. Wakuba sapereka ya chingwe."

"Apolisi anakufunsani?"

"Andifunsa chiyani? A Gracian akuuza dziko lonse kuti inathawa ikubangula. Ine ndi ndani kuti nditsutse munthu wa suti? Ndimati mwina akunena galimoto ina."

"Anakutumani ndani, agogo?"

"Wa jekete lachikopa. Anabwera Loweruka, akuti mawa mudzatikokere chitsulo."

"Inu n'kungovomera? Kulowetsa ng'ombe m'khola la munthu wakufa chifukwa mlendo wanena?"

Apa anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mwana wanga, ine ndinakula ndi Goliati. Tinakwera limodzi ndege ya ku migodi. Khola la mwini sulowa ndi goli ngati mwini sanachotse yekha mipiringidzo. Ndinamuuza wa jekete uja kuti ndikapeza potseka, ndibwerera. Nditafika m'mawa ndinapeza mipiringidzo yonse itachotsedwa, ataisanja bwinobwino pambali, yaikulu pansi yaing'ono pamwamba. Ndimo mmene amasanjira a pakhomo paja chiyambire. Mlendo akanangoiponya."

"Zimenezo kukhoti sangazimve. Ndalama ija, ya chingwe, munadya?"

"Ndidye ya chingwe ine? Ndine mwini khola ine?" Analavula pambali. "Yanga ya ng'ombe anandipatsa wa jekete. Ya chingwe ndi ya mwini khola. Mwamuna wanu sanamuone mwini, ndiye anapatsira ine kuti ndifikitse. Ukaidya ya chingwe ya mwini, ng'ombe zako sizionanso mwana."

Ndinasendera pafupi.

"Munafikitsa kwa yani?"

"Anthu atabwerako ku Misa ndinapita kukhitchini. Ndinati, NaNdau, ya chingwe cha ng'ombe ya amuna anu iyi. Anayamba wayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwada, n'kulandira ndi manja awiri."

"NaNdau ndi ndani?"

"Selestina. Mkazi wa Goliati."

"Anafunsa kuti ng'ombe yake iti?"

"Afunsa bwanji? Khola lija mwatsala ng'ombe ina?"

"Mungakanene zimenezi ku polisi?"

Anayang'ana ng'ombe zawo, kenako mapiri.

"Akandifunsa ndinena, bodza ndinasiya ndi mowa. Koma musanapite kwa apolisi, pitani kaye mukamuone maso. Mukamuona mudzadziwa chimene ine ndakhalira chete sabata yonse."

* * *

Ndinazungulira kuseri kuti a Gracian asandione. Khola linali pululu, mabulangete atapindidwa pamwala. Mayi Selestina ndinawapeza m'khitchini akusankha nyemba, atavala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Anali ochepa thupi, a msinkhu wa amayi anga. Pashelefu pambali pa mchere panali chitini cha polishi wofiira.

"Ndine mkazi wa munthu amene munamumangitsa," ndinatero ndili chiimire. "Ndachokera kwa a Fanizo."

Lichero linapendekeka, nyemba zinamwazika pansi. Sanakane, sanafunse kanthu. Anangodzuka n'kukankha chitseko kuti chitsekeke.

"Khalani pansi, mwana wanga. Chonde, mawu achepe."

Ndinakhala. Ndinabwera ndi mawu ambiri aukali, ndinawakonza njira yonse, koma ndinasowa poyambira.

"Geoffrey ndi ndani?"

"Mwana wa achimwene anga, wa kwathu kutsidya. Dzina lake si limenelo."

"Munampatsa makiyi ndinu."

"Ndine."

"Mipiringidzo munachotsa ndinu."

"Ndisanapite ku Misa." Ankalankhula motsitsa, maso ali panyemba. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala pakhomo pano. Bambo ali ku Joni ndinkalima ndekha, njerwa za nyumba iyi ndinasenza pamutu. Atabwera ndi galimoto ija, wopukuta ndinali ine. Atadwala, wowatembenuza ndinali ine. Ana Mulungu sanandipatse. Maliro asanatuluke m'nyumba ndinamva alamu akugawana kuseri, uyu galimoto, uyu nyumba, uyu dimba. Dzina langa silinatchulidwe. Ndinati ndigulitse chinthu chimodzi chokha, ndikamange kachipinda kwathu, kuti akandithamangitsa ndikapeze pogona."

"Ndiye munanamiziranji kuti yabedwa?"

"Sindinayembekeze kuti alamu akasuzumira m'khola mwambo usanafike. Lolemba anabwera ndi foni kuti ajambule zithunzi za bwana wawo wa ku Lilongwe. Atapeza mulibe, anakuwa, mudzi wonse unasonkhana. Anandifunsa pamaso pa anthu. Mkazi wogulitsa katundu wa mwamuna wake asanasudzulidwe, mukudziwa chimene amamunena. Amati ndiye anamupha. Pakamwa panangotuluka kuti sindikudziwa. Anandikweza njinga mpaka ku polisi, ndinadinda chala. Ndimati galimoto yapita kutali, siidzapezeka. Sindinadziwe kuti wogula ndi wa pa Tsangano pompa, woti aziiliza pamsika."

Pamenepo ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anthu onse a m'dziko muno, mayiyu anakagwa pa a Fyson.

"Bwezani ndalama, ndi bulubuku yomwe, tikauze apolisi kuti panali kusamvana."

Anandiyang'ana koyamba. Kenako anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Munali kapepala kamodzi ka faifi sauzande, kopindidwa kanayi.

"Mwana wa achimwene anati akasunge ndalama kutsidya, ayambe kugula malata. Kuyambira Lachiwiri foni yake siikulira. Ndatuma uthenga kwathu, akuti sanafikeko, ena akuti anamuona akukwera basi ya ku Tete." Anakayala pabondo. "Pagalimoto yonse ija, changa ndi ichi. Ndikanakana kulandira, a Fanizo akanadabwa. Komanso sindikanatha kukana. Amuna anu anandilemekeza, mwana wanga. Pa anthu onse, amene anakumbuka kuti khola lili ndi mwini ndi iwo okha."

Chifundo chinandigwira, ndipo ndinadana nacho, chifukwa sindinabwerere chifundo.

"Amayi, mawa m'mawa akupita ku rimandi."

"Ndipatseni masiku khumi okha." Anandigwira dzanja. "Mwambo ukatha ndidzapita ndekha ku polisi, ndikulumbira pa Maria Virigo. Akandisudzula ndili woyera, mwina andisiyira kachipinda ka kuseri. Zikamveka lero, ndigona kunja lero lomwe, ndi dzina la mfiti pamutu. Kwathu kulibe wondilandira, mwaona nokha mmene a kwathu alili. Masiku khumi si ambiri kwa mwamuna."

"Ali ndi chifuwa cha mphumu. Ndipo mukadzasintha maganizo? Mukadzawoloka msewu?"

"Sindingatero."

"Lolemba lija munkadziwanso kuti simunganame."

Kunja ndinamva a Gracian akuitana, akufunsa ngati tiyi wapsa, ndipo nsapato zawo zinayamba kuzungulira nyumba.

Ndinatulutsa foni ndi kapepala ka Sajeni Kachiza. Ndinkadziwa kuti lamulo limateteza akazi amasiye, ndinamvapo pawailesi. Ndinkadziwanso kuti lamulo limakhala ku boma, pamene mayiyu amakhala pano, ndi anthu awa.

"Mukanena, ndikagona kuti?" anafunsa.

"Sindikudziwa, amayi."

Ndinadina manambala. Inaitana kamodzi, kawiri. Mayi Selestina anatsetsereka pampando n'kugwada pansi, panyemba zomwe zija, nandigwira mapazi ndi manja onse awiri. Munthu wamkulu, wovala zakuda, kugwira mapazi a ine mwana. Ndinachita manyazi oti sadzandichoka mpaka imfa.

"Halo, Kachiza," anatero mawu a pafoni, nthawi yomweyo chitseko chikutseguka ndipo a Gracian ataima pakhomo.

Sindinachotse mapazi anga. Ndinawasiya agwire, ndipo ndinanena zonse.